Chigwinjiri cha Mayi Magdalena

Pa Ngabu panalibe munthu wosadziwa dzanja lamanja la mayi Magdalena. Ndilo linkayezera anthu masawu ouma ndi malambe pamsika, ndilonso linkaloza pamphuno pa aliyense woyankhula zopanda mutu. Pamkono wake panali chigwinjiri chamkuwa chonenepa ngati chala chaching'ono, ndipo sichinkavulidwa. Ankasamba nacho, ankalima nacho, ankagona nacho, moti ana obadwa dzana ankayesa kuti mayiwo anabadwa nacho.

Mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Chigwa limawotcha ndi mthunzi womwe, mayiwo anabayidwa ndi munga wa msawu akutchinga khola la mbuzi. Mungawo unalowa pansi penipeni pa chigwinjiri. Iwo anangoutukwana, n'kuuzula, n'kupitiriza ntchito. Posakhalitsa mkono unayamba kutupa, ndipo mkuwa uja unayamba kumira m'mnofu.

Amene anawakokera kuchipatala anali Otilia, mwana wawo wamkazi. Kumeneko anakumana ndi namwino wina dzina lake Linda, mayi wosadziwa kuzungulira poyankhula.

"Jakisoni ndakubayani, mapiritsi ndi awa," anatero Linda. "Koma chitsulo ichi chikutsekereza magazi. Taonani, zala zayamba kuda. Chikapanda kuchoka sabata ino mupita ku Chikwawa, ndipo kumeneko sakadula chitsulo ayi. Akadula dzanja."

"Si chitsulo, ndi mkuwa," anayankha mayi Magdalena, n'kudzuka, n'kumapita.

Liuma limeneli linali ndi pochokera. Mayi Magdalena kwawo kunali kutsidya, ku Mozambique, chakufupi ndi Mutarara. Mwamuna wawo Sebastiano anali wosula makasu, mipeni ndi zibangili. Nkhondo itafika pamudzi pawo, Sebastiano anauza mkazi wake kuti atsogole ndi mwana wawo wamwamuna, awoloke malire pamodzi ndi anthu ena, iye atsale akwirire zipangizo zake. Asanasiyane anatenga mkuwa umene ankasula, anaupinda pamkono wa mkazi wake, n'kuukhoma mpaka nsonga ziwiri zitakumana. "Ichi ndidzakuvula ndine ndikakupeza," anatero. Sanawapeze. Otilia anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Nsanje, ndipo nkhope ya bambo ake sanaionepo ngakhale pachithunzi. Mtendere utabwera, mbiri zinkafika zosiyanasiyana: uyu akuti anamuona ku Beira, uyu akuti anaphedwa pamlatho, winanso akuti ali ku Zimbabwe. Mayi Magdalena sanalire maliro, sanamete, sanakwatiwenso. Ankati iwo salira munthu amene manda ake sanawaone. Choncho kwa iwo kudula chigwinjiri kunali kuvomera kuti Sebastiano anafa.

Mwana wamwamuna uja, Paison, tsopano anali bambo wa imvi zake, ndipo ankakonza njinga za kabaza pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi pokwerera mabasi. Anali munthu wamtima wabwino, kungoti ankakhulupirira kuti vuto lililonse padziko limatha ndi hamala yokulirapo. Atamva mawu a namwino anasiya njinga ya munthu ili chagada, n'kufika pakhomo pa amayi ake atanyamula sowo yodulira zitsulo.

"Mama, bweretsani dzanja. Pang'ono chabe tikhala titathana nazo."

Mayi Magdalena ananyamuka pang'ono pamphasa, anaika dzanja lotupalo pansi, n'kulikhalira. Ululu unawatulutsa thukuta pamphumi koma sanasunthe.

"Nkhabe!" anakana m'Chisena, chimene chinkawabwerera akakwiya. "Uyambe wadula khosi, kenako udule chimenechi. Iwe Paison, bambo ako anakunyamula paphewa mpaka kumtsinje, lero ukundibwerera ndi sowo?"

"Ndiye mutaye dzanja chifukwa cha mkuwa?"

"Dzanja ndi langa."

Paison anaponya sowo pansi, anakhala pamtondo, n'kugwira mutu. Misozi inali pafupi.

Nthawi yonseyi Otilia anali atatsamira chitseko. Anali ndi mantha, komanso anali wokwiya, chifukwa zamkuwa ndiye inali ntchito yake koma palibe amene anamufunsa. Iye ankapanga ndolo, mphete ndi za m'khosi. Anakaphunzira ku Blantyre kwa mmisiri wina, n'kubwerera kwawo, n'kumanga kashedi kuseri kwa nyumba. Mkuwa ankaupeza m'mamota opsa ndi m'mipopi yotha ntchito, ndipo miyala ankagula kwa azibambo okumba m'mapiri a kumadzulo kwa Ngabu, miyala ija ya ageti yooneka ngati thambo la m'mawa. Katundu wake ankakwera basi kupita m'mashopu a ku Lilongwe, ndipo anthu a maiko akutali ankamuyamikira pafoni. Koma pakhomo pa amayi ake zonsezi zinali zamasewera. "Ana a anzanga amapera mapira," ankatero mayi Magdalena pamsika, "wanga amapera miyala."

Otilia anagwada pamphasa, n'kutambasula manja.

"Amayi, taonani, sindinanyamule kanthu. Ndiloleni ndingochiona."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa dzanja mwakachetechete. Linali lotentha, lonyezimira, ndipo zala zinali zitakanika kupindika. Otilia anatembenuza mkonowo mosamala. Chigwinjirichi anakula akuchiona tsiku ndi tsiku, koma anali asanachiyang'anepo ndi maso a mmisiri. Tsopano anaona kuti nsonga zija sizinawotcheredwe. Zinangokumana basi, zitakanikizana zolimba, ndipo pakati pake panali patadzaza litsiro la sopo ndi dothi la zaka zonsezo. Bambo ake analibe nthawi yokoleza moto tsiku limenelo.

"Chikhoza kutambasuka osaduka," anatero Otilia. "Ndingochitsegula pang'ono, magazi adutse. Pamkono sichichoka."

"Ndiye chikhale yasa ngati pakamwa pa mlamba wakufa? Ngabu yense aone kuti Magdalena wamasula?"

"Mpatawo nditseka ndi mwala. Ndiuboola mbali zonse ziwiri, nsonga za mkuwa zilowe m'mabowomo. Chigwinjiri chikhala chozungulira ngati kale, kungoti chikula."

"Mwala uumata ndi chiyani? Moto wako uja usandiyandikire."

"Popanda moto, popanda guluu. Mkuwa ukatambasulidwa umafuna kubwerera pomwe unali. Ndi mphamvu imeneyo imene igwire mwala."

Mayi Magdalena anapukusa mutu, anayang'ana Paison, anayang'ana zala zawo zakudazo. Kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Yesa. Koma mvetsera, mwananga. Ukachithyola usadzanditchulenso amayi."

Otilia anadziwa kuti sakunena zocheza. Ndipo chimene amayi ake sankadziwa n'chakuti kuthyoka kumeneko kunali kosavuta. Mkuwa ukamenyedwa ndi hamala umauma, ndipo kuti ufewe umafunika kuwotchedwa mpaka ufiire. Uwu unali womenyedwa, wokalamba, ndipo unali pamnofu wa munthu. Otilia anapita kwa owotcherera zitsulo, anatenga timitengo tamkuwa tonenepa mofanana, anatipinda pamunsi, n'kutikhoma mpaka titauma. Koyamba anakagwira ndi mapulayala awiri, n'kukoka. Kanathyoka kumsana, moyang'anizana ndi pamene nsonga zimakumana. Kachiwiri kanachita chimodzimodzi.

"Ndi dzanja langa limenelo?" anafunsa mayi Magdalena ali pakhonde. Ankanamizira kusankha nyemba ndi dzanja lamanzere, koma diso linali kushedi.

Otilia anatola zidutswazo, n'kuziyang'anitsitsa. Anaona kuti akakoka mwamphamvu, kupindika konse kumapita pamalo amodzi, ndipo malo amenewo ndi amene amalephera. Pankafunika kutsegula pang'onopang'ono, kwinaku akugogoda mozungulira monse kuti mbali iliyonse isenze nawo. Manja a munthu sangathe kukoka modekha chomwecho. Apa ndiye anaitana mchimwene wake.

Paison anamvetsera, anakanda ndevu, n'kupita. Pobwera anali atanyamula kachipangizo kopangidwa ndi zotsala za njinga: tizitsulo tiwiri togwirira mkuwa mbali iyi ndi iyo, mkati mwake atayalamo mphira ya chubu, ndipo pakati pake bawuti yaitali. Ukapotokola nati ndi sipanala, tizitsuloto tinkatalikirana pang'ono kwambiri moti diso silinkaona. Anayesa pa kamkuwa kachitatu. Paison ankapotokola, Otilia ankagogoda. Kanatseguka bwinobwino osalira n'komwe.

"Kodi achimwene, mumathanso ntchito yopanda hamala yaikulu?" anatero Otilia.

"Usauze anthu," anatero Paison.

M'mawa mwake Otilia anayeza mkono wa amayi ake ndi ulusi, n'kudinda kunenepa kwa mkuwa paphula la njuchi. Anasangalala kuona kuti kutupa kwaphwako ndithu. Anaganiza kuti jakisoni wayamba kugwira ntchito, ndipo mwala wofunika ukhala waung'ono chabe. Anasankha kamwala kokongola m'thumba lake, anakadula, anakapera, anakaboola, tsiku lonse ali chiweramire. Dzuwa litapendeka anatuluka nako mokondwa kuti akayerekeze pamkono.

Atangoona dzanja lija mtima unagwa. Linali litatupa kuposa dzulo, ndipo zikhadabo zinali zitachita bii. Kamwala kake kanali kochepa kwambiri. Ngakhale akanakaika, mkuwa ukanapitiriza kufinya.

Analowa m'nyumba kuti atenge ulusi uja ayezenso, ndipo m'chipinda cha amayi ake anaona chitenje chitamangidwa kuphaso, chikulendewera pamwamba pa pogona, chili ndi mfundo yokolekamo dzanja. Anaima, n'kuchiyang'ana, ndipo zonse zinamveka. Mayiwo ankagona dzanja atalikoleka m'mwamba kuti kukacha lioneke lophwa.

Anatuluka nacho chitenjecho m'manja.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

Mayi Magdalena anathawitsa maso. Anayang'ana kumbali, kukhola la mbuzi.

"Ndimati mukaona kuti likuphwa mundisiya," anatero pamapeto pake.

"Mwandinamiza ine, mwanamiza ulusi, tsiku lonse lapita pachabe! Kodi mukuyesa ndikusewera? Ndikufuna dzanja lanu, amayi. Chigwinjiri ndikuchifuna, koma ndikufunanso dzanja!"

Anali akulira tsopano, kulira kwa mkwiyo kosafuna kutonthozedwa. Mayi Magdalena sanamukalipire. Anatambasula mkono wotupawo, n'kuuika pamiyendo ya mwana wawo.

"Yeza tsopano," anatero. "Nthawi ino ndi imene limandipweteka kwambiri. Zala ziwiri izi sindikuzimvanso."

Otilia anayezanso. Mwala wofunika unali wotalika pafupifupi ngati chala chachikulu, ndipo woterowo m'thumba mwake munalibe. Paison anakwera njinga, n'kupalasa mpaka kwa Saulos, bambo wina wokumba miyala amene ankakhala kunjira ya kumapiri. Kutacha Saulos anafika yekha, fumbi lili mbuu m'miyendo, n'kukhuthula kathumba pakhonde. Miyala ya ageti ikakhala youma sioneka kanthu, imangokhala ngati miyala ina iliyonse yogendera mbalame. Saulos anatola umodzi waukulu, anaunyambita monga amachitira okumba onse, n'kuuloza kudzuwa. Pamene panadutsa lilime panatuluka mtundu wa thambo, ndi timizere toyera todutsa mkati.

"Uwu ulibe mng'alu," anatero. "Ndinaukumba ndi manja, sindinaumenye. Mwati ndi wa mayi a masawu aja? Tengani, mupange msanga."

Otilia anapachika botolo la madzi loboola pansi pamwamba pa gudumu lake loperera, kuti madzi azidonthera pamwala, chifukwa ageti ikatentha imasweka. Anadula, n'kuyamba kupera. Asanafike patali magetsi anazima. Ku Chigwa zimenezi sizidabwitsa munthu, koma tsiku limenelo Otilia anafuna kukuwa. Paison sanataye nthawi ndi kudandaula. Anagadamitsa njinga, anachotsa tayala la kumbuyo, anakoleka lamba kuchokera pamkombero kupita pagudumu, n'kuyamba kupukusa pedulo ndi manja. Kunja kunali kotentha moti nkhuku zinali yasa kukamwa pansi pa nkhokwe. Paison thukuta linkachita kutsika m'zigongono. Akatopa ankalandira Saulos, amene anaiwala zoti abwerere kwawo.

Pang'onopang'ono mwala unayamba kumvera. Otilia anausema ngati nyemba yaikulu, wopindika pang'ono kuti utsate mkono, mbali ya mkati yosalala kwambiri kuti isakande chilonda. Anausema mwakuti timizere toyera tija tizidutsa chopingasa, tiziwoneka tonse. Kuboola ndiko kunali koopsa. Anauika mwalawo m'mbale ya madzi, n'kumaboola ndi kachoboolera kake ka batire, kulowetsa pang'ono, kutulutsa, kulowetsanso, osapuma mokwanira mpaka bowo litatha. Atamaliza lachiwiri anayesa mabowowo pachidindo cha paphula chija, ndipo anakwana. Anaupukuta ndi chikopa mpaka unawala wokha popanda kuunyowetsa.

Nkhani inali itamveka pamsika. Dzuwa litayamba kupendeka, pabwalo pa mayi Magdalena panali patadzaza anthu: azimayi anzawo ogulitsa masawu, anyamata a kabaza, ngakhale mayi wina wa kutchalitchi amene anabwera ndi kolona m'manja. Linda naye anapatuka pochokera kuntchito, akadali mu yunifolomu yake.

"Ndabwera kudzaona," anatero. "Zikakanika, tinyamuka wa ku Chikwawa lero lomwe. Sindifunanso kumva za mawa."

Mayi Magdalena anakhala pamphasa pansi pa mtengo wa bwemba, atavala duku la ku Misa, mkono atausanjika pamtondo wogadamitsidwa. Otilia anapaka mkonowo mafuta, n'kulowetsa chogwirira cha supuni pakati pa mkuwa ndi mnofu kuti hamala ikagogoda isapweteke. Kulowetsa kokhako kunawalumitsa mano mayiwo, koma sanatulutse mawu. Paison anamanga kachipangizo kake mbali iyi ndi iyo ya pamene nsonga zimakumana.

"Achimwene, pang'ono. Ndikati imani, muime."

Paison anapotokola. Otilia anagogoda ndi kahamala kake kakang'ono, kumsana, kumbali, kumbali inayo, akusuntha supuni. Palibe chimene chinaoneka. Anapotokolanso. Anagogodanso. Pabwalo ponse panali zii, kupatula mbuzi imene sinkadziwa kanthu.

Mwadzidzidzi mkuwa unalira kuti tche!

Mayi wa kolona uja anakuwa dzina la Yesu. Paison anasiya sipanala ngati yamuwotcha. Otilia sanathe kuyang'ana nkhope ya amayi ake. Anawerama, n'kuyendetsa chikhadabo kumsana kwa chigwinjiri, kufunafuna mng'alu. Anayendetsa kachiwiri. Panali posalala. Atayang'ana kutsogolo anaona kachibulumwa kakuda katagwera pamtondo. Linali litsiro lija louma, limene linathothoka nsonga zitayamba kusiyana. Pakati pake panali kampata kowala, kochepa ngati tsitsi.

"Sichinathyoke," anatero Otilia. "Chatseguka. Achimwene, tiyeni."

Anapitiriza. Kupotokola, kugogoda, kudikira. Kampata kanakula mpaka kulowa chikhadabo, kenako njere ya mapira, kenako chala. Pamene mkuwa unkachoka m'mnofu panatsala ngalande yoyera, yonyowa, khungu limene silinaonepo dzuwa chichokereni ku Mutarara. Linda anagwada, n'kupukuta chilonda ndi thonje la mankhwala.

Kenako mayi Magdalena, amene anapirira zonsezi osalira, anakuwa mokweza moti anthu anadzidzimuka.

"Mayo ine! Nyerere! Dzanja lonse nyerere! Mwandichita chiyani ana inu?"

Linda anaseka, kuseka kwake koyamba chifikireni.

"Kuwani, mayi, kuwani! Ndi magazi amenewo, akubwerera. Taonani zikhadabo."

Zoonadi, kuda kuja kunali kukuchoka, kufiira kukubwera kuyambira m'chikhatho kupita kunsonga za zala. Azimayi anayamba kung'ung'udza mokondwa, koma Otilia anakweza dzanja kuti adikire. Ntchito inali isanathe. Mayi Magdalena anali akuyang'ana mpata uja, ndipo nkhope yawo inali itagwa. Chigwinjiri cha Sebastiano chinali yasa pamaso pa anthu onse.

Otilia anatulutsa mwala m'kansalu. Anauza Paison kuti apotokole kamodzinso, mpata upitirire pang'ono kutalika kwa mwala. Apa ndiye panali poopsa kuposa ponse, chifukwa mkuwa unali utafika pamapeto a kupirira kwake. Analowetsa nsonga imodzi m'bowo, n'kulunjika bowo linalo pansonga inayo.

"Tsopano bwezani. Pang'onopang'ono."

Paison anabweza nati. Mkuwa unayamba kubwerera wokha, ngati wakumbukira kumene unali. Nsonga inalowa m'bowo, inalowabe, mpaka inafika pothera. Otilia anamasula kachipangizo kaja, n'kukaika pambali. Anagwira mwala ndi zala, anaukoka, anaupotokola, anaukankha. Unali nji, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Anazunguza chigwinjiri chonse pamkono, ndipo chinayenda momasuka, mwala uja ukubwera pamwamba, ukuwala pakhungu lakuda.

Nthungululu imene inalira pamenepo inamveka mpaka kumsewu waukulu. Anyamata a kabaza analiza mabelu a njinga zawo. Azimayi anavula zitenje za pamwamba n'kumakupiza, wina anayambitsa nyimbo ya gule wa utse, ndipo fumbi linakwera pabwalo. Saulos ankauza aliyense amene anamuyandikira kuti mwalawo anaunyambita ndi iye. Paison, bambo wa imvi zake, ankavina atakweza sipanala m'mwamba, misozi ikutsika, osasamala kuti anyamata a kabaza aja akumuona. Mayi wina wogulitsa malambe anakoka Otilia pamkono, n'kumufunsa ngati angamupangire chake, ndipo mnzake anamukankha kuti iye ndi amene anayamba kufunsa.

Otilia anakhala pansi pomwepo. Anali wokondwa, kukondwa kumene sanakumvepo ngakhale tsiku limene katundu wake anayamba kugulidwa ku Lilongwe.

Mayi Magdalena sanavine nawo. Anali akupinda zala, chimodzi chimodzi, akuziyang'ana ngati alendo. Zonse zinamvera, ngakhale ziwiri zija. Kenako anakweza mkono, anayang'ana mwala, anautembenuza, anayang'ana pamene mkuwa walowa. Anafunafuna chilema nthawi yaitali, monga ankachitira ndi katundu wa pamsika, koma sanachipeze.

"Pyadidi," anatero m'Chisena. Kwa mayi Magdalena, kunena kuti chinthu n'chabwino sikunali kwa tsiku lililonse.

Phokoso lili mkati, anakodola Otilia kuti asendere. Anayankhula chapansipansi kuti ena asamve.

"Bambo ako akabwera, atha kuchivula?"

Otilia akanatha kunena zambiri pamenepo, koma anayankha funso limene anafunsidwa.

"Atha, amayi. Wosula aliyense akangochiona adziwa mmene chatsekedwera."

"Ndiye adzafunsa kuti wachita zimenezi ndani." Mayiwo anasisita mwala ndi chala chachikulu. "Pamene tinkasiyana ndinali ndisanamuuze kuti ndili ndi pakati. Ndinkati ndimuuza tikawoloka. Sadziwa kuti uliko, mwananga. Ndidzangomupatsa mkonowu, ndinene kuti taona, Sebastiano, uli ndi mwana wamkazi."

Anatambasula dzanja lotupalo, n'kugwira Otilia pamkono. Anafinya ndi zala zonse zisanu, mwamphamvu, mpaka Otilia anamva kupweteka, koma sanachotse mkono wake.